Nyumba yodzadza anthu, mwana alibe womuuza

Ndinaziona tikutsuka mbale. Mwana wa achimwene anga, nthawi imeneyo ali ndi zaka 14, anabwera kudzakhala kwanga pa holide, nde kunja kukutentha koopsa koma iye juzi osavula, mmawa juzi, masana juzi, kogona juzi yomweyo. Ine ndinkangoti aaa ndi mafasho a ana a masiku ano awa, ukafunsa umangooneka wachikale. Tsiku limenelo mkono wa juzi unanyowa, iye nkuupinda osaganiza, kenako anakumbukira nkuutsitsa msangamsanga. Koma maso anga anali atafika kale. Zipsera mizeremizere, zina zopola kalekale, zina za dzulodzuloli.

Musaganize kuti ndinachitapo zanzeru. Ndinakuwa. "Iwe! Ichi nchiyani? Mutu wako ukuyenda bwinobwino?" Iye maso pansi, "ndi mphaka anti, anandikanda." Kwawo kulibe mphaka, kwanga kulibe mphaka, ndipo mphaka wokanda molunjika ngati wagwira rula sanabadwe. Anamaliza mbale zake nkukalowa kuchipinda, masiku atatu athunthu zoyankhulana zathu zinali "mwadzuka bwanji anti" ndi "mugone bwino anti" basi.

Masiku atatu amenewo tulo sindinatione, ndipo chimene chimandizunguza mutu chinali choti zatheka bwanji. Mwanayu si wamasiye. Bambo alipo, mayi alipo, ali ndi mchimwene wake ndi mng'ono wake, agogo ake amamuimbira foni sabata iliyonse, pa Facebook anzake mahandiredi. Anthu mbwee mbali zonse. Mukanandifunsa sabata ya m'mbuyo mwake kuti kodi mwana ameneyu ali ndi anthu omugwira mkono ndikanakusekani, ndikanati mwina achita kuchuluka. Nde zatheka bwanji kuti kwa miyezi azidzivulaza m'nyumba yodzadza chonchija, aliyense osadziwa, mpaka kudzatulukira pa juzi yonyowa?

Tsiku lachinayi ndinagogoda. Ndinati, "Ndinalakwitsa kukukalipira. Ndinachita mantha, nde mantha aja anatulukira ku ukali. Lero sindikufunsa chilichonse, ndingokhala pano." Ndinakhala pansi nditatsamira khoma pafupifupi ola lathunthu, iye wayang'ana kukhoma lina, ine miyendo kuchita dzanzi koma osayerekeza kudzuka. Sanayankhule tsiku limenelo. Anayamba mawa lake, ndipo nkhaniyo sinabwere nthawi imodzi ayi, inkadontha, lero pang'ono, mkuja pang'ono, zina mpaka pano zikudonthabe.

Mwanayu akachita mantha amachita chibwibwi, osati kwambiri, koma chimamveka. Tsiku lina aphunzitsi anamuimika kuti awerenge mokweza, iye nkukakamira pa liwu limodzi, wina kumbuyo anali akujambula pa foni. Madzulo ake kavidiyo kali mu gulupu ya kalasi pa WhatsApp, mawa lake nkhope yake ndi pakamwa potsegula yasanduka sitika, liwu anakakamira lija lasanduka dzina lake. Akangolowa m'kalasi wina amayambitsa, ena nkulandira ngati nyimbo. Kenako kunabwera zina zimene iye akuti zinali zowawa kuposa kusekedwa: gulupu ya kalasi inangoti zii, iye kumadabwa kuti anthu asiya kucheza, osadziwa kuti atsegula ina iye mulibe. Akakhala pa desiki anthu amasuntha. Aphunzitsi akati khalani awiriawiri iye amatsala yekha mpaka aphunzitsi achite kumukakamiza wina, winayo akubwera akukoka miyendo kalasi yonse ikufa ndi phwete.

Ndinamufunsa funso lomwe akuluakulu tonse timafunsa, loti bwanji sunanene. Anandiyang'ana koyamba m'maso. "Ndinanena anti. Katatu."

Anawauza bambo ake, iwo anati ingowasiya atopa okha, ukamawayankha ndi pomwe amakondwa. Anawauza mayi ake, iwo anati mwina nawenso pali chimene umawayamba, anthu sangangokuda popanda chifukwa. Anawauza aphunzitsi, iwo anamuitana pamodzi ndi mtsikana amene ankatsogolera zonsezi, kuwaimika kutsogolo, pepesanani, gwiranani chanza, nkhani yatha. Kuchokera tsiku limenelo anapeza dzina lachiwiri, kazitape. Onse atatuwa ndi anthu abwino, ndikutsindika, achimwene angawo ana awo amawakonda kufa. Koma mwana anagogoda zitseko zitatu, zonse zinatseguka pang'ono nkutsekekanso, nde chimene anaphunzirapo nchoti kunena sikuthandiza, pena kumaonjezera moto. "Komanso palibe anandimenyapo anti, nde ndikanati chani?"

Za kugwirana chanzazi zimandipsetsa mtima mpaka lero. Munthu amene anayamba kufufuza nkhani ya ana ovutitsa anzawo mozama, Dan Olweus, ankagwira ntchito ku Norway, ndipo dzikolo linadzidzimuka mu 1982 pamene anyamata atatu a zaka za pakati pa 10 ndi 14 anadzipha atavutitsidwa kwambiri ndi anzawo, chaka chotsatira boma linayambitsa kampeni m'masukulu onse. Olweus anasiyanitsa ndewu wamba ndi kuvutitsa. Kuvutitsa kumachitika mwadala, kumabwerezedwa, ndipo mphamvu sizilingana, wina ali ndi thupi kapena gulu kapena kutchuka, winayo alibe podzitetezera. Ana awiri olingana mphamvu akakangana, eya agwirane chanza. Koma kuuza mwana amene kalasi yonse yamuunjirira kuti apepesane ndi womuzunza nkumuuza kuti theka la mlandu ndi lake. Apepese chani? Chibwibwi?

Ndipo si nkhani ya ana owerengeka. Lipoti la UNESCO la 2019 linati pafupifupi mwana wa sukulu mmodzi mwa atatu alionse padziko lonse anali atavutitsidwa ndi anzake mwezi umodzi wokha wapitawo. Kalasi ya ana 30, khumi. Koma mwa khumiwo si onse amafika podzivulaza, ambiri safikako, nde funso limene linandigwira ine nloti chimasiyanitsa nchiyani.

Yankho ndinalipeza pa kalendala ya mwana wa achimwene angayu. Ine ndinkaganiza kuti anayamba kudzicheka pomwe anayamba kusekedwa. Ayi. Kusekedwa kunayamba teremu yoyamba, kudzivulaza kunayamba teremu yachitatu. Pakatipo panali mtsikana mmodzi, mnzake wa pa desiki, wosatchuka, wosalimba, amene sanamenyepo munthu kapena kukanena kwa aphunzitsi. Iye ntchito yake inali yongokhalapo. Akayamba kuimba dzina lija amamugunda ndi chigongono nkunong'ona kuti asiye agalu awa. Pa buleki amakhala limodzi. Akati awiriawiri nkhani inali yosavuta. Kumapeto kwa teremu yachiwiri makolo a mtsikanayo anasamuka, naye anasintha sukulu. Ovutitsa aja sanaonjezere kalikonse, nyimbo yomweyo, sitika yomweyo, koma tsopano panalibe chigongono. Patangotha masabata ochepa juzi inayamba.

Nditawerenga pambuyo pake ndinapeza kuti zimenezi akatswiri anaziona kalekale. Kafukufuku wina wa mu 1999 wa Ernest Hodges ndi anzake, pa ana a pulayimale ku Canada, anawatsatira ana kwa chaka nkupeza kuti kuvutitsidwa kumaonjezera nkhawa ndi mavuto a khalidwe kwa ana okhawo amene analibe mnzawo wapamtima. Ndipo mnzawo wapamtima samatanthauza amene iwe wamutchula basi, koma woti iwe wamutchula nayenso wakutchula. Mmodzi. Osati gulu, osati mafolowa.

Ine mmene ndikuonera, kuvutitsa sikuti ndi mawu achipongwe okha, ntchito yake yeniyeni ndi kumulanda mwana anthu. Mawuwo ndi chida chabe. Cholinga nchoti aliyense aone kuti kukhala pafupi ndi uyu nkudziputira, nde mmodzimmodzi amasuntha, ena mosafuna, mpaka mwana atsale poyera yekha. Apa nde pali msampha, chifukwa mankhwala a kuvutitsidwa ndi anthu, koma chinthu choyamba chimene kuvutitsidwa kumakulanda ndi anthu omwewo. Ndipo kusalidwa kumapweteka zenizeni, si mafanizo. Pali kamasewera ka pa kompyuta kotchedwa Cyberball komwe katswiri wina Kipling Williams anapanga, anthu atatu kuponyerana mpira, kenako awiri aja amangosiya kukuponyera. Basi, palibe kutukwana. Mu 2003 Naomi Eisenberger ndi anzake anaunika ubongo wa anthu akusewera zimenezi nkupeza kuti mbali ina imene imagwira ntchito munthu akamamva ululu wa m'thupi inagwiranso ntchito atasiya kuponyeredwa mpira. Amenewo ndi akuluakulu, mphindi zochepa, ndi anthu osawadziwa. Nanga mwana wa zaka 14, miyezi 7, ndi anthu amene ayenera kukhala nawo chipinda chimodzi tsiku lonse?

Pano ndiulule zanga. Ifenso m'kalasi mwathu munali mnyamata wina amene tinkamuti amanunkha. Kaya ankanunkhadi, kaya ayi, zinalibe ntchito, dzina linali litamatirira. Ine sindinayambitsepo, sindinamugwirepo, ndipo kwa zaka zambiri ndinkadziwerengera m'gulu la osalakwa. Koma ndinkaseka. Akadutsa anthu nkugwira mphuno ine ndinkaseka nawo, chifukwa kusaseka kukanaoneka ngati ndili mbali yake ndipo ndinkaopa kuti fungo lija lingasamukire kwa ine. Tsiku lina anandibwereka cholembera, ndinamupatsa, atabweza ndinachipukuta pa yunifomu anthu akuona kuti aseke. Anaseka. Nkhope yake ndimaikumbukira, sanakwiye, anangogwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene amayembekezera zomwezo. Mwana wa achimwene anga akundifotokozera za anthu osuntha pa desiki, ine ndinkaona cholembera chija.

Ofufuza a ku Canada, Debra Pepler ndi Wendy Craig, anaika makamera ndi timaikolofoni pa mabwalo a sukulu ku Toronto kuti aone zimene ana amachita akuluakulu kulibe. Anapeza kuti nthawi zoposa 80 pa 100 zilizonse mwana akamavutitsidwa pamakhala ana ena oonerera. Olowererapo anali ochepa, koma akalowererapo, nthawi 57 pa 100 nkhanzazo zimatha pasanathe masekondi 10. Masekondi khumi abale. Ku Finland, Christina Salmivalli wa pa yunivesite ya Turku anawagawa oonerera aja m'magulu, othandizira, osekerera, ongoyang'ana kumbali, ndi oteteza, ndipo pulogalamu yawo ya KiVa imene inafalikira m'masukulu a dzikolo kuyambira 2009 inamangidwa pa ganizo lomweli, loti wovutitsa anzake amadya kuseka kwa anthu, ukamumana kusekako ntchito imamuthera. Ine ndinali wosekerera. Dzina lake lilipo ndithu, si osalakwa.

Tsopano za kudzivulazako, chifukwa apa ndi pomwe akuluakulu timasokonekera kwambiri. Mawu oyamba amene amatuluka ndi oti akufuna atenshoni. Munthu wofuna atenshoni amavala juzi dzuwa likuswa mtengo kwa miyezi kuti asaonedwe? Ndinamufunsa, patapita nthawi ndithu, kuti zimamuthandiza chani. Anaganiza kaye. "Mumadziwa anti, mkatimu mumakhala phokoso, ngati anthu onse aja akuyankhula nthawi imodzi ndipo sizizima olo ndigone. Ndikatero zimakhala zii kwa kanthawi." Kenako anati, "komanso bola ichi chimaoneka pomwe chikupweteka." Sindinayankhe, ndinalibe choyankha.

Ambiri amene amadzivulaza amanena zofanana ndi zimenezi, kuti ndi njira yozimitsira ululu wa mumtima umene wasefukira, ena amati ndi kudzilanga chifukwa afika pokhulupirira zimene akuuzidwa, ena amati amakhala ngati afa dzanzi nde amafuna amveko kenakake. Kupumulako nkwakanthawi, kumatsatiridwa ndi manyazi, manyaziwo amaonjezera kubisa, kubisako kumaonjezera kukhala wekha, nkubwereranso pomwe paja. Ofufuza atasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko ambiri mu 2014 anapeza kuti achinyamata pafupifupi 17 pa 100 anadzivulazapo mwadala, kutanthauza mmodzi mwa 6, ndipo nthawi zambiri zimayamba pa zaka 12 mpaka 14. Anyamatanso amatero, kungoti awo nthawi zina timawatcha dzina lina, womenya khoma timangoti ngwaukali.

Ku England ndi Wales kuli kafukufuku wamkulu wa mapasa oposa 2,000 obadwa mu 1994 ndi 1995 amene akhala akutsatiridwa kuyambira ali aang'ono. Mu 2012 ofufuzawo anafalitsa zoti mwa ana amene anali atadzivulaza pofika zaka 12, oposa theka anali ovutitsidwa pafupipafupi ndi anzawo. Ndipo mwa ovutitsidwawo, amene anali pa chiopsezo chachikulu anali omwe anali ndi katundu wina kale, monga kuzunzidwa ndi munthu wamkulu, matenda a maganizo, kapena m'banja mwawo wina anayesapo kudzipha. Koma chimene chinandikhudza ine ndi china chochokera kwa mapasa omwewa, cha mu 2010. Amayi ankapemphedwa kuti angoyankhula za mwana wawo kwa mphindi zisanu, ofufuza nkumamvetsera kutentha kwa mawu awo, chikondi chimene chikumveka. Pa mapasa ofanana ndendende, magazi amodzi, nyumba imodzi, onse ovutitsidwa, amene ankalandira chikondi chochuluka kwa mayi ndi amene anali ndi mavuto ochepa a khalidwe. Nde sitinganene kuti zimangotengera chibadwa, kuti uyu anabadwa wolimba uyu wofooka. Zimene mwana amapeza akabwera kunyumba zimalowa m'sikelo.

Koma apa mpofunika kusamala, chifukwa alamu anga akawerenga izi akhoza kulira kuti ndiye kuti ine sindimukonda mwana wanga. Amamukonda. Nkhani ndi yoti chikondi chimene chili mumtima mwa kholo ndi chikondi chimene mwana akuchimva ndi zinthu ziwiri. Akatswiri a za maganizo, kuyambira pa zimene Sheldon Cohen ndi Thomas Wills analemba mu 1985, akhala akuona kuti chimene chimateteza munthu pa nthawi ya mavuto kwenikweni ndi chikhulupiriro choti ndikafuna thandizo lilipo. Osati kuchuluka kwa abale, osati kuchuluka kwa zimene wagulilidwa. Mwana akhoza kulipiriridwa fizi, kugulilidwa nsapato, kufunsidwa tsiku lililonse kuti kusukulu kunali bwanji, koma mumtima mwake atawerengera kale kuti ndikanena zoona bambo akwiya, mayi adwala nazo, aphunzitsi andiimika kutsogolo. Mwana wotero pa pepala ali ndi anthu khumi, mumtima ali ndi ziro. Ndipo "kusukulu kunali bwanji" ndi funso limene yankho lake linakonzedwa kale, bwinobwino.

China chimene sindinkachiganizira nchoti ana amatiteteza ifeyo. Anandiuza kuti nthawi imene zinafika poipa bambo ake anali pa mavuto a kuntchito, mayi ake akudwaladwala, nde iye anaona kuti kuonjezera zake nkuwasenzetsa katundu. Thomas Joiner, katswiri wa ku America amene wafufuza kwambiri za kudzipha, amatchula maganizo awiri oopsa akakumana mwa munthu mmodzi: kumva kuti sindili wa gulu lililonse, ndi kumva kuti ndine mtolo kwa anthu anga. Loyambalo anamupatsa a kusukulu. Lachiwirilo, mosadziwa, tinamupatsa ife a kunyumba, ndi kudandaula kwathu kwa tsiku ndi tsiku kuti ana inu mukutivutitsa, tikuvutikira inu.

Nditamva zimenezo ndinadziwa kuti pali funso limene ndiyenera kufunsa ndipo pakamwa panauma. Kudzivulaza si kufuna kufa nthawi zonse, ambiri amatero pofuna kupirira kuti apitirize kukhala moyo, koma amene amadzivulaza ali pa chiopsezo chokulirapo chodzayesa kudzipha, ndipo bungwe la WHO limati kudzipha ndi chinthu chachitatu chimene chimapha kwambiri anthu a zaka 15 mpaka 29. Ndinkaopa kuti ndikafunsa ndimupatsa ganizo limene analibe. Mantha amenewa ngofala koma ofufuza a ku King's College London atawunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2014 sanapeze umboni woti kufunsa kumaonjezera maganizo odzipha, mwinanso kumawachepetsa. Nde ndinafunsa mosazungulira. "Unayamba waganizapo zodzipha?" Anati nthawi zina amaganiza kuti bola atangogona osadzukanso, koma sanakonzepo chilichonse. Atanena zimenezo anapuma mpweya wautali ngati watula mtolo wa nkhuni, ine ndi amene ndinatsala ndikunjenjemera mkati, kunja ndikuyesetsa nkhope isasinthe.

Kenako anandipempha chimene ndinkadziwa kuti apempha. "Musawauze adadi, chonde anti." Apa nde panali povuta, chifukwa ndinali nditangopeza kumene chikhulupiriro chake ndipo chinali chopyapyala ngati ulusi. Ndinamuuza kuti sindingalonjeze zimenezo, chifukwa holide ikatha abwerera kwawo ndipo sindingamusiye m'nyumba momwe palibe akudziwa. Koma ndinalonjeza zina: sindiwauza kumbali iye osadziwa, asankha yekha tsiku, asankha kuti ayankhule iye kapena ine, ndipo ndikhala pompo. Anandikwiyira tsiku lonse. Mawa lake anati muyankhule inuyo, ine ndizingomvera.

Achimwene atamva, mawu awo oyamba anali oti bweretsa foniyo. Ndimawamvetsa, nkhanza zinkadutsira mu foni, nde chotsa foni. Koma ana ambiri sanena zimene zikuwachitikira pa intaneti chifukwa cha mantha omwewa, kuti alandidwa foni, ndiye wolakwiridwa ndi amene walangidwa. Ndipo mu foni yomweyo ndi momwe munali mtsikana wa chigongono uja, ankalemberanabe usiku, ndi ulusi wokhawo umene unatsala. Ndinati, "Achimwene, mukalanda foniyo mwamaliza ntchito imene ana aja anayamba." Anandiyang'ana moipa koma anaibweza. Chimene tinachita ndi kukhala naye pansi, kusunga masikirinishoti onse ngati umboni, kubuloka oyenera kubulokedwa, ndi kugwirizana kuti usiku foni izigona pabalaza.

Sindikunena kuti foni ndi yoyera. Mmenemo tinapezamonso zina zimene zinandiopsa, maakaunti a ana odzivulaza amene amaikapo zithunzi ndi mawu achisoni, iye ankawatsatira chifukwa akuti kumeneko nkomwe anthu amamumvetsa. Ndipo nzoona ankamumvetsa, vuto lake ndi limenelo. Malo amene umalandiridwa chifukwa cha bala lako, ukachira umakhala mlendo, nde kuchira kumasanduka kutaya anzako kachiwiri. Instagram inaletsa zithunzi zoonetsa poyera kudzivulaza mu 2019 pambuyo pa imfa ya mtsikana wa zaka 14 wa ku London, koma zinthuzi zimangosintha maonekedwe. Si chilichonse chooneka ngati thandizo chimene chimathandiza. Olo mnzake weniweni uja, ndinadzamva kuti ankadziwa za kudzichekako kwa miyezi iwiri, atalumbiritsidwa kuti asauze munthu, mwana wa zaka 14 kumagona ndi foni m'manja kuopa kuti akagona tulo mnzake achita zoopsa. Nayenso anali akumira. Mnzako wa msinkhu wako akhoza kukugunda ndi chigongono, koma kusenza moyo wako wonse sangathe, pamafunika wamkulu, ndipo mwanayo ndinamuimbira kumuthokoza ndi kumuuza kuti tsopano akhoza kumagona.

Zotsatira zake sizinayende ngati mufilimu. Tinapeza mlangizi wa za maganizo, woyamba sanagwirizane naye, akuti amayankhula ngati akuwerenga buku, wachiwiri ndi amene anakhala. Kusukulu tinapita ndi masikirinishoti, ulendo woyamba anatiuza kuti ndi zachibwana za ana, ulendo wachiwiri achimwene anapita atalemba madeti ndi zochitika zonse pa pepala nkunena kuti sachoka mpaka amve chimene chichitike, nde anamusintha kalasi ndipo anapatsidwa mphunzitsi mmodzi woti azimuona kamodzi pa sabata mwakachetechete. Kusekedwa kunachepa, sikunathe. Analowa kalabu yojambula zithunzi, komwe kuli ana asanu ndi mmodzi osatchuka amene sasamala za chibwibwi cha munthu chifukwa ambiri a iwo sayankhulanso nkomwe.

Amene anandidabwitsa ndi achimwene. Munthu wosadziwa kuyankhula za mumtima, mpaka lero sadziwa, ukamufunsa mmene akumvera amayamba kukamba za nyengo. Koma anayamba kumuperekeza mwana wake poyenda madzulo, awiriwiri, osafunsa mafunso, nthawi zina ulendo wonse osatulutsa liwu. Mwanayo akuti tsiku lina ali m'njira bambo ake anangoti, "Tsiku lija unandiuza ndinakuyankha zopanda nzeru." Basi, nkupitiriza kuyenda. Iye akuti anafuna kulira koma anaopa kuti adadi athawa.

Anabwerezanso kudzivulaza kawiri chichokereni nthawi imeneyo, kamodzi nthawi ya mayeso, kamodzi sitika ija itatulukanso kwinakwake. Ulendo woyamba ndinamva ngati zonse zagwa, mlangizi uja ndi amene anatikhazika mtima pansi kuti chinthu chimene munthu wakhala akudalira kwa miyezi sichichoka tsiku limodzi, ndipo kumulumbiritsa kuti sadzachitanso kumangomuphunzitsa kubisa bwino. Ulendo wachiwiri anawauza yekha mayi ake mmawa wake, mayi akewo anatsuka balalo osakuwa, kenako anakalilira kubafa.

Ine ndi iye tinapangana kachizindikiro. Phokoso lija likayamba ndipo mawu akusowa, amangonditumizira kadontho kamodzi pa WhatsApp, ine ndimaimba, osafunsa kuti chavuta nchiyani, timangokamba zilizonse mpaka atanena yekha kuti basi anti ndagona. Miyezi yoyamba timadontho tinkabwera kawiri katatu pa sabata, nthawi zina 1 koloko usiku. Kenako tinayamba kutalikirana. Mwezi watha kanabwera kamodzi masana dzuwa lili pamutu, mtima wanga unagunda, ndinatuluka mu mitingi kuthamangira panja nkuimba manja akunjenjemera. Anayankha akuseka, kumbuyo kukumveka ana ena phokoso.

"Pepani anti, foni inali m'thumba, yadzidina yokha. Ndikuimbirani madzulo, tikujambula."